ZA ULIMI NDI ZIWETO: Ziboda za Bulu ndi Matenda Obisika M'kati Mwake

Sabata yatha tidakambirana za kaumitsidwe ka mtedza kuti usachite chuku. Lero tiyambe tasiya mbewu, tikambe za wantchito amene amatitutira mbewuzo kuchokera kumunda, ndiye bulu pamodzi ndi mnzake ng'ombe ya pangolo. Ino ndi nyengo ya masika. Munthu akaima pamphambano ya pa Kamwendo m'mamawa aona yekha ngolo zikutsatana, zina zochokera njira ya ku Kapiri, zina ya ku Waliranji, zodzaza chimanga, soya, mtedza ndi njerwa. Mwini ngolo amayang'ana matayala, amakonza goli, amathira girisi, koma ndi owerengeka amene amawerama kuti aone mapazi a chiweto chimene chikukoka ngoloyo.

Mwezi wathawu mkulu wina wa m'mudzi wapafupi adandipeza ndikutuluka m'nyumba. Atapereka moni adati, "Alangizi, bulu wanga wayamba ulesi. Dzulo ndi lero wakana kudzuka. Ndamukwapula koma akungondiyang'ana. Kapena alipo wandichita chipongwe, pakuti ngolo yanga ndiyo ikupeza maganyu ambiri kwathuko."

Tidapalasa njinga mpaka kwawo. Buluyo tidampeza ali gone pansi pa mtengo wa mango. Titamudzutsa pang'onopang'ono adayenda ngati munthu woponda pa makala, ndipo nditagwira ziboda zake zam'tsogolo zonse ziwiri zidali zotentha. Ndidafunsa kuti, "Bambo, masiku atatu apitawa bulu uyu wadya chiyani?" Iwo adati udzu wokha basi. Koma mayi a panyumbapo, amene adali kupeta chapafupi, adayankha kuti, "Musabise, abambo. Lachisanu usiku adamasuka nalowa pakhonde pamene tidaika chimanga chotonola, nadya pafupifupi theka la ndowa." Mkuluyo adaseka nati, "Nanga chimanga si chakudya? Kodi chakudya chingapundule mwendo, Alangizi?"

Funso limeneli ndi labwino, ndipo yankho lake ndi lakuti inde, chingathe. Koma kuti timvetse, tiyenera kuyamba tadziwa kuti chiboda n'chiyani.

CHIBODA NDI KAKULIDWE KAKE

Tayang'anani chala chanu chapakati. Bulu ndi kavalo amaima pa chala chimodzi chokha pa mwendo uliwonse, ndipo chiboda ndicho chikhadabo cha chala chimenecho, chokula ndi chokhuthala mpaka chazinga nsonga yonse ya chala. Monga chikhadabo chanu chimamera kuchokera kumtunda kumene chakumana ndi khungu, chibodanso chimamera kuchokera pa mzere uja pamene ubweya wathera. Pamenepo pali mnofu wamoyo wa magazi ambiri umene umapanga chiboda chatsopano usana ndi usiku, ndi kukankhira chakale pansi kuti chizikaperesedwa ndi nthaka.

Chiboda sichikula msanga. Cha kavalo chimakula mamilimita 6 mpaka 10 pa mwezi, ndiko kunena kuti ngati kukula kwa njere imodzi ya chimanga. Kuti chiboda chonse chisinthike, kuyambira pa ubweya mpaka ku nsonga, pamapita miyezi 9 mpaka 12. Cha bulu chimatenganso nthawi yofanana ndi imeneyo. Tsono ichi muchisunge: chimene chaonongeka pa chiboda lero chidzatenga pafupifupi chaka chathunthu kuti chitsike ndi kutha. Chibodatu chimasunga mbiri. Mukaona mizere yozungulira chiboda ngati mphete, dziwani kuti pa nthawi imene mzere uliwonse unkamera, chiwetocho chidadwala kapena chidasinthidwa chakudya mwadzidzidzi. Mzere umene uli pakati pa chiboda ukunena za miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi yapitayo.

M'kati mwa chiboda muli fupa laling'ono lokhala ndi maonekedwe a chiboda chomwecho. Ambiri amaganiza kuti fupa limeneli limangokhala pansi monga phazi la munthu likhalira mu nsapato. Si choncho ayi. Fupali ndi lopachikidwa ku khoma la chiboda. Tengani bowa, mumutembenuze, muone timasamba tija topyapyala tondondozana kunsi kwake. M'kati mwa khoma la chiboda muli timasamba totero, ndipo pa fupa palinso timasamba tina ta mnofu. Timasamba ta mbali ziwirizi timalowana monga zala za manja awiri zikapingana. Mu chiboda chimodzi cha kavalo muli timasamba 550 mpaka 600, ndipo kalikonse kali ndi tinthambi tina 150 mpaka 200. Thupi lonse la chiweto, pamodzi ndi katundu amene mwachisenzetsa, zalendewera pa timasamba timeneti.

Mukanyamula phazi ndi kuyang'ana kunsi, muona zinthu zitatu. Kunja kuli khoma lolimba limene limaponda pansi. M'kati mwake muli chipanda cha phazi, chofukuka pang'ono ngati mbale. Chakumbuyo kuli kamnofu kolimba ka nsonga ngati mutu wa muvi, kamene kamafewetsa kuponda ndi kuthandiza magazi kuyenda. Pamene khoma lakumana ndi chipanda pali kamzere koyererako. Kamzere kameneka ndiko kumathero kwa timasamba tija, ndipo kakatambasuka ndi chizindikiro chakuti m'kati zinthu sizili bwino.

Makolo a bulu adachokera ku maiko ouma ndi amiyala a kumpoto chakum'mawa kwa Africa, cha ku Sudan, Ethiopia ndi Somalia. Chifukwa chake chiboda chake ndi choongoka kuposa cha kavalo, ndipo chimamwa madzi msanga. Kumeneko miyala inkaperesa chiboda, mvula inali yochepa, ndipo chakudya chinali udzu wouma ndi zitsamba. Ife kuno ku Mchinji tamuika pa dothi lofewa, m'khola la matope miyezi inayi ya dzinja, pakati pa minda ya chimanga. Mavuto ambiri a mapazi ake amachokera pamenepa.

MATENDA A M'KATI MWA CHIBODA

Matenda amene adagwira bulu wa mkulu uja madokotala a ziweto amawatcha laminitis. Ife tingati kutupa kwa m'kati mwa ziboda. Timasamba tija timatupa, timafooka, timatambasuka, kenaka timayamba kulekana. Chiboda ndi cholimba ngati mphika, kotero kuti chotupacho chilibe kothawira. Ganizani ululu wa chikhadabo chimene mwachimenya ndi hamala, ndipo wina akuuzeni kuti muimirire pa chala chomwecho tsiku lonse. Matenda akakula, fupa lija limasowa pogwira. Mtsempha waukulu wakumbuyo kwa mwendo umalikoka, nsonga yake imapendekera pansi, ndipo nthawi zina limamira mpaka kuboola chipanda cha phazi. Kawirikawiri amagwira mapazi am'tsogolo, pakuti ndiwo amanyamula magawo 6 mwa magawo 10 a kulemera kwa thupi.

Zoyambitsa zake zazikulu ndi zisanu.

Choyamba ndi kudya chimanga, madeya, ufa kapena masese ambiri nthawi imodzi. Mimba ya bulu ndi yaing'ono, idapangidwira udzu wodya pang'onopang'ono. Chimanga chikachuluka chimadutsa chosagayika mpaka m'matumbo aakulu, nichisasa monga umasasira mowa. Tizilombo tabwino togaya udzu timafa, khoma la matumbo limapsa, ndipo poizoni amalowa m'magazi nakafika ku mapazi. Kutsimphina kumaoneka patapita tsiku limodzi, awiri kapena atatu, n'chifukwa chake mwini saganizanso za chimanga chija.

Chachiwiri ndi kunenepa ndi msipu wanthete. Bulu wosagwira ntchito, wokhala ndi mafuta pakhosi ndi pamatako, akapatsidwa msipu wa mvula yoyamba kapena wa kudambo kuti adye mmene afunira, magazi ake amadzaza ndi insulin, ija mumamva kuchipatala pa matenda a shuga. M'chaka cha 2007 akatswiri a pa University of Queensland ku Australia, pamodzi ndi Professor Chris Pollitt, adaonetsa kuti insulin ikachuluka m'magazi, payokha imadzetsa matendawa ngakhale kwa kavalo wabwinobwino. Lero madokotala amati ambiri mwa akavalo odwala matendawa amadwala mwa njira imeneyi.

Chachitatu ndi matenda ena aakulu a m'thupi, monga kutsekula m'mimba koopsa, chibayo, kapena nsapo kutsalira bulu atabereka. Nsapo iyenera kutuluka pasanathe maola atatu. Ikachedwa, musadikire mawa, pitani mukaitane mlangizi wa ziweto.

Chachinayi ndi kulemetsa mwendo umodzi. Mwendo ukavulala, chiweto chimatsamira pa unzake usana ndi usiku, ndipo wabwinowo ndiwo umadwala.

Chachisanu ndi kuthamangitsa chiweto pa msewu wa tara ndi katundu wolemera, makamaka ziboda zikakhala zazitali. Anyamata ena amachita mpikisano wa ngolo pa msewu wa ku Mchinji boma pobwerera ku msika. Eni ngolo, alangizeni ana amenewa.

Musaganize kuti matendawa ndi a ziweto za amphawi zokha. Kuno kwathu akavalo ndi owerengeka, koma ku America alipo a mpikisano amene mtengo wake umaposa esiteti yathunthu. Kavalo wotchuka dzina lake Secretariat, amene adapambana mipikisano itatu ikuluikulu ya dzikolo m'chaka cha 1973, adaphedwa m'chaka cha 1989 chifukwa cha matenda omwewa, madokotala atalephera. Wina dzina lake Barbaro adapambana mpikisano wa Kentucky Derby m'chaka cha 2006, ndipo patangopita masabata awiri adathyoka mwendo wakumbuyo. Madokotala a pa University of Pennsylvania adalumikiza fupalo, koma mwendo unzake umene ankatsamirapo udagwidwa ndi matendawa, ndipo mu January 2007 adamupha kuti apumule ku ululu. Ngati eni chuma chotere adalephera kuchiza, ife a kumudzi chida chathu chachikulu ndi kupewa ndi kuzindikira msanga.

MUNGAZINDIKIRE BWANJI?

Apa mpofunika kudekha, pakuti bulu ndi chiweto chobisa ululu. Kavalo akadwala amaonetseratu: amatambasula miyendo yam'tsogolo natsamira kumbuyo. Bulu nthawi zambiri amangokhala duu, mutu uli pansi, ndipo mwini amati ndi ulesi kapena mwano. Yang'anani izi:

1. Kugona pansi nthawi yaitali kuposa masiku onse, ndi kuvutika podzuka.

2. Akaima, kunyamula phazi ili n'kutsitsa, kunyamula linalo n'kutsitsa, osapeza poimira.

3. Kuyenda timapazi tifupitifupi, kuyamba kuponda ndi chidendene, kufuna pa mchenga ndi kukana pa miyala. Mukamutembenuza pamalo ouma ululu umaonekera kwambiri.

4. Ziboda zotentha, makamaka m'mamawa dzuwa lisanatuluke.

5. Mtsempha wogunda mwamphamvu kumbuyo kwa mfundo yotsiriza ya mwendo, pamwamba pa chiboda. Ikani zala ziwiri pamenepo. Pa bulu wabwino kugundako kumamveka movutikira, pa wodwala kumamveka ngati mutu ukamawawa. Phunzirani kugwira pamenepa bulu wanu akadali bwino, kuti tsiku la vuto mudzadziwe kusiyana kwake.

6. Kukana kunyamulidwa phazi limodzi, chifukwa linalo silingathe kusenza thupi lokha.

Ngati phazi lodwala ndi limodzi lokha ndipo zayamba mwadzidzidzi, kawirikawiri ndi munga, msomali kapena mafinya a m'kati. Zimenezonso n'zofunika mlangizi wa ziweto, pakuti bala la kuphazi limalowetsa kafumbata. Koma mapazi awiri am'tsogolo akadwala pamodzi, ganizani za matenda tikukambawa.

Bulu amene adadwalapo kale amadziwika ndi ziboda zake. Mizere ija imakhala yothinana kutsogolo ndi yotalikirana kuchidendene, chifukwa chidendene chimakula msanga kuposa nsonga. Chiboda chimatalika ndi kupindikira m'mwamba ngati nsapato yakale, chipanda chimaphwatalala, ndipo kamzere koyera kaja kamatambasuka n'kumalowa timiyala. Inu amene mukufuna kugula bulu ndi ndalama za fodya kapena soya chaka chino, musamangoona mano ndi msana. Nyamulani mapazi onse anayi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

ZOYENERA KUCHITA

Choyamba, mumasuleni pangolo nthawi yomweyo. Phazi lililonse limene aponda likung'amba timasamba tija. Ngati ali kutali ndi kwanu, musamukakamize kuyenda. Mumangireni kamthunzi pomwepo, kapena mumunyamule pa ngolo ya ng'ombe.

Chachiwiri, tumizani uthenga kwa mlangizi wa ziweto wa dera lanu tsiku lomwelo. Iye ndiye adziwa mankhwala ochepetsa ululu ndi kutupa, ndi muyeso wake. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ngati mwapeza kuti bulu waba chimanga kapena madeya, itanani mlangizi asanayambe n'kutsimphina komwe, pakuti maola amenewo ndiwo a mtengo wapatali.

Chachitatu, ziziritsani mapazi. Akatswiri a ku Queensland omwe aja adaonetsa m'chaka cha 2004 kuti mwendo woikidwa m'madzi a ayezi kwa masiku awiri sugwidwa kwambiri ndi matendawa. Dulani zigubu ziwiri zakale, muimikemo mapazi, madzi afike pakati pa mwendo kunsi kwa bondo. Ngati muli pafupi ndi sitolo ya firiji, gulani madzi oundana muziponyamo. Ngati palibe, tungani a pachitsime kapena a mu mtsuko, muzisintha pafupipafupi. Sazizira ngati ayezi, koma amathandiza ndithu. Chitani izi masiku awiri kapena atatu oyamba, kenaka mulekeze ndi kuumitsa mapazi, pakuti chiboda cha bulu chikanyowa nthawi yaitali chimafewa.

Chachinayi, thirani mchenga wouma wokhuthala m'khola, kuya kwake ngati chikhatho, ndi udzu wouma pogona. Mchenga umadzaza kunsi kwa phazi ndi kuthandiza kusenza fupa lija. Akafuna kugona, mlekeni agone. Madzi ndi chakudya muike pafupi ndi pakamwa pake, ndipo mnzake amene amakoka naye mumumange chapafupi, chifukwa bulu akasiyanitsidwa ndi mnzake amaleka kudya.

Chachisanu, chotsani chimanga, madeya, masese ndi msipu wauwisi. Mpatseni udzu wouma ndi mapesi osachita chuku. Koma chonde musamukhalitse ndi njala. Bulu akaleka kudya, mafuta a m'thupi mwake amasefukira m'magazi naononga chiwindi, ndipo angathe kufa m'masiku ochepa. Bulu wosadya tsiku lathunthu ndi wodwala kwambiri.

Tsono pali zina zimene ndaziona m'midzi zimene muyenera kuzileka. Musathire oyilo wakale wa injini, palafini kapena asidi wa batire pa ziboda. Musatenthe phazi ndi chitsulo chamoto. Musaboole chiboda kuti "magazi oipa" atuluke. Musamuthamangitse poganiza kuti miyendo imasuka. Musampatse mankhwala a anthu kapena a ng'ombe popanda kufunsa.

Za kuchira ndinene zoona. Bulu amene wagwidwa pang'ono nathandizidwa msanga amayamba kuyenda bwino m'masabata ochepa, koma ayenera kupumabe mwezi wathunthu kuchokera tsiku limene wayenda bwino popanda mankhwala. Amene fupa lidapendekera amafuna miyezi yambiri, mpaka chiboda chatsopano chitatsika, ndi munthu wodziwa womuwenga kawirikawiri. Ena sabwereranso pangolo. Ndipo amene adadwalapo kamodzi sachedwa kudwalanso.

NANGA NG'OMBE?

Inu a ng'ombe za pangolo ndi inu a m'magulu a mkaka musati nkhaniyi si yanu. Ng'ombe imaima pa zala ziwiri, ndipo ziboda zake zimakula pafupifupi mamilimita 5 pa mwezi. Nayonso ikadya chimanga, madeya kapena masese ambiri isanazolowere, chakudyacho chimasasa m'chifu chachikulu. Imatupa mimba, imatsekula, imadzandira, ndipo ina imafa usiku womwewo. Imene yapulumuka ingayambe kutsimphina, kuima itapingasa miyendo yam'tsogolo kapena kudya itagwada. Patapita miyezi iwiri kapena itatu mumaona madontho ofiira kunsi kwa ziboda ndi mizere pa khoma lake. Ng'ombe za mkaka zimene zimaima tsiku lonse pa simenti kapena pa njerwa, makamaka zikangobereka, zimavulalanso kunsi kwa ziboda zakumbuyo. Zipatseni pogona pouma ndi pofewa, ndipo madeya muziwonjezera pang'onopang'ono kwa masabata awiri, mutayamba mwazipatsa udzu.

Koma chenjerani. Ng'ombe ikatsimphina ndi kutuluka dovu, ndipo m'kamwa ndi pakati pa ziboda muli matuza kapena zilonda, amenewo ndi matenda ena opatsirana, a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Ife tili m'malire, ng'ombe zimadutsa uku ndi uku. Mukaona zotere musaitulutse m'khola, musaigulitse, kauzeni a Boma a zaziweto tsiku lomwelo. Bulu sagwidwa ndi matenda amenewo.

KUPEWA

M'mawa uliwonse musanamange ngolo, nyamulani phazi lililonse ndi kuchotsa matope, ndowe ndi timiyala ndi kamtengo kosongola. Ntchito imeneyi siitenga nthawi yoposa yomwera kapu ya tiyi, ndipo mwana wa sukulu angathe kuiphunzira. Mukamva fungo loipa ndi kuona zakuda m'mbali mwa kamnofu ka nsonga kaja, khola lanyowa, likonzeni.

Ziboda ziwengedwe pakapita masabata 6 mpaka 10, malinga ndi kumene bulu amayenda. Woyenda pa tara ndi pa miyala amadziperesa yekha, wa kudambo ndi wongokhala pa chingwe ziboda zimatalika. Chiboda chachitali chili ngati mpini wautali: bulu akamanyamula phazi, nsongayo imakanula timasamba tija. Chida chake ndi mpeni wakuthwa waung'ono ndi tupa. Chikwanje ndi nkhwangwa ayi. Wengani pang'onopang'ono, ndipo mukaona pofiirira lekani, mwafika pa mnofu. Nthawi yoyamba pemphani mlangizi wa ziweto akuonetseni. Safunsa adadya phula.

Chakudya chenicheni cha bulu ndi udzu ndi mapesi, makilogalamu awiri kapena atatu a zouma pa tsiku, ndi madzi oyera. Ino ndiyo nthawi yosunga mapesi ndi masangwi a mtedza pa thandala m'malo mowatentha. Masangwi ndi chakudya champhamvu, muzisakaniza pang'ono ndi mapesi. Bulu wogwira ntchito yolemetsa angalandire madeya pang'ono, ogawa kawiri pa tsiku, ndipo tsiku limene sagwira ntchito muchepetse. Chakudya cha m'matumba cha nkhuku kapena cha ng'ombe musampatse konse, pakuti china chimakhala ndi mankhwala amene kwa bulu ndi poizoni.

Nyengo ino chimanga chili paliponse, pa mikukwe, pakhonde, pa mphasa. Mangani chingwe bwino usiku, tsekani chitseko cha nkhokwe, ndipo musalole abulu kulowa m'munda mmene zitsononkho zokhala ndi chimanga zatsalira zambiri. Mvula yoyamba ikadzagwa, muziyamba mwawapatsa mapesi m'khola, ndi kuwatulutsa ku msipu watsopano kwa ola limodzi kapena awiri, n'kumaonjezera tsiku ndi tsiku. Khola likhale pamalo okwera, lofoleredwa mbali imodzi, ndipo ndowe zichotsedwe kupita ku dzenje la manyowa.

Chomaliza ndi goli. Goli adapangira ng'ombe, imene ili ndi khosi lolimba ndi linunda. Bulu mphamvu zake zili pachifuwa. Mukamumanga pa goli, kulemera kwa ngolo kumagwera pakhosi ndi pa miyendo yam'tsogolo, yomwe ija imadwala msanga. Lamba wa pachifuwa ndi kachishalo ka pamsana ndizo zomuyenera, ndipo katundu aikidwe molingana pamwamba pa matayala.

Mwina mukufuna kudziwa za bulu wa mkulu uja. Mnzanga wa zaziweto adafika madzulo a tsiku lomwelo nampatsa mankhwala. Ana adatuta mchenga ku mtsinje, mayi aja adasintha madzi m'zigubu masiku awiri. Lero buluyo akuyenda bwino m'khola, koma pangolo sadabwerere. Mwini wake wataya maganyu a masika ano, ndipo chimanga chake chomwe wachita kulipira ngolo ya mnansi kuti imututire. Pansi pa ubweya wa ziboda zam'tsogolo payamba kuoneka kamzere. Ndidawaonetsa ndi kuwauza kuti tidzakaperekeza pamodzi mpaka kadzafike pansi chaka chamawa. Iwo adapukusa mutu nati, "Theka la ndowa lokha, Alangizi!"

Amene muli ndi mafunso mundipeze tsiku la msika pa Kamwendo, kapena lembani kalata kwa Mkonzi wa nyuzi ino. Amene mwawerenga, muwerengerenso anzanu osadziwa kuwerenga, makamaka anyamata oyendetsa ngolo. Sabata ya mawa tidzakambirana za kasokedwe ka lamba wa pachifuwa ndi zipangizo zopezeka pamudzi.

Tsalani bwino nonse.

Ine wanu,
Mlangizi wa Zaulimi, Kamwendo, Mchinji.